Funsani Azakhali: Kodi Mulungu anandiiwala kuno ku Joni?

Azakhali, ine ndi mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Cosmo City ndipo ndimagwira ya m'nyumba ku Randburg, ana ali kumudzi ndi agogo awo. Kutchalitchi komwe ndimapemphera abusa akuti amene akufuna chitukuko abzale mbewu ya R1000, eti ndikapereka zitseko zitseguka. Anzanga amene tinabwera nawo limodzi ena amanga nyumba za malata, pa Disembala amadzadza ngolo ya basi pa Park Station ndi mafiriji ndi masofa, ine ndikalipira renti, thiransipoti ndi fizi ya ana ndiye basi zatha. Kodi umphawi wangawu ndi chifukwa choti chikhulupiriro changa n'chochepa? Ndichotse pa fizi ndipereke mbewuyo?
Mayi wodandaula, Cosmo City

Mwana wanga, fizi ya ana musaikhudze, ndayamba ndi pamenepo dala chifukwa mwezi ukutha ndipo ndikuopa mungapereke musanamalize kuwerenga. Pa 1 Timoteo 5:8 Paulo akunena mosabisa kuti wosasamalira a pabanja pake wakana chikhulupiriro, ndiye ndalama imene mumatumiza pa Mukuru kuti ana adye ndi kupita kusukulu ija ndi ntchito ya chikhristu kale, musamaione ngati mukumana Mulungu.

Za mbewuzo zimandiwawa kwambiri chifukwa amene amapanikizidwa nazo ndi anthu ngati inu, amene mumadzuka kusanache kukakwera takisi. Werengani Machitidwe chaputala 8, kuli Simoni wa ku Samariya amene anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu Woyera, Petro sanamusekerere, anamuuza kuti awonongeke pamodzi ndi ndalama zakezo chifukwa anaganiza kuti mphatso ya Mulungu imagulidwa. Kupereka n'kwabwino ndithu ndipo mpingo umafunika thandizo, koma 2 Akorinto 9:7 ikuti munthu apereke zimene watsimikiza mumtima mwake osati mokakamizidwa, nanga mtengo wa R1000 uja wachokera kuti?

Tsopano za anzanu a mafiriji. Sindikunena kuti katundu ndi tchimo ayi, nyumba ya malata ndi yabwino ndipo ndikulakalaka mutadzamanga yanu, Paulo yemweyo ankasoka mahema kuti adye za thukuta lake. Vuto ndi kuyeza chikondi cha Mulungu ndi zimene zakwera pa basi. Azigogo athu a Theba ankabwera kuchokera kumigodi ya kunoko ndi njinga ndi wailesi mudzi wonse n'kumawasirira, koma ena anabwera ndi chifuwa chosatha chimene palibe ankachiona tsiku lofikalo, ndiye inunso simukudziwa ngongole ndi misozi imene ili kuseri kwa masofa mukuwaonawo. Pa Luka 12 Yesu anakamba za mlimi amene anakolola zambiri mpaka kuganiza zophwasula nkhokwe kuti amange zazikulu, usiku womwewo moyo wake unafunidwa, ndipo chimene Yesu anamudzudzula nacho si zokolola zija koma kuti sanali wolemera kwa Mulungu, m'mapulani ake onse munalibe Mulungu kapena mnansi, anali iye yekha basi.

Inu mumagwira ntchito m'nyumba ya eni osaba kanthu, mumakumbukira ana ndi agogo mwezi uliwonse, mukupempherabe ngakhale zinthu zili zothina, chimenecho ndi chuma chimene Mateyu 6 akuti njenjete ndi dzimbiri sizingachiwononge ndipo akuba a mu Joni muno sangakulandeni. Munthu wa chikhulupiriro chochepa sachita zimenezi.

Chopereka perekani chimene mungathe, kaya ndi R20, mutatumiza kaye za ana. Abusa akakufunsani auzeni mwaulemu kuti muli ndi udindo kumudzi, ndipo mukaona kuti akukunyozani kapena kukuopsezani ndi matemberero, mipingo ya Amalawi ilipo yambiri mu Joni muno, funsani anzanu akulondolereni kwina.