Ova-ova pa nyanja: yankho kwa mayi a ku Nkhotakota

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Nkhotakota. Mwana wawo ndi mlovi, msodzi wogwira ntchito pa boti la eni, ndipo akufunsa ngati mawailesi am'manja otchipa aja, ma ova-ova amene akutsatsidwa pa Facebook, angawathandize kumva mawu ake akakhala pakati pa nyanja. Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga katatu ndisanayambe kuyankha, chifukwa yatokosa chilonda chimene ndinkaganiza kuti chinapola.

Unali mwezi wa July, nyengo ya mwera. Mng'ono wanga anali siginala pa chilimira, khoka lalikulu la usipa, cha bambo ena kuno ku Senga Bay. Kwa inu osadziwa za usipa, siginala ndi uja amakhala yekhayekha m'bwato ndi nyali, kukopa nsomba, anzake ali m'maboti kudikira kuti awauze poponya khoka. Ananyamuka dzuwa likulowa, nyanja ili zii. Pakati pa usiku tinadzidzimuka ndi malata akulira padenga. Mayi athu sanafunse munthu, anangomanga chitenje n'kuyamba ulendo wa kudoko, ine pambuyo. Tinapeza amayi ena atafika kale, atafunda zitenje mpaka kumutu, mchenga ukutibaya m'miyendo ngati singano. Nyali za asodzi zimene masiku onse zimandandalika ngati mzinda zinali zitazima, kwangotsala imodzi imodzi, ikuoneka n'kubisika.

Foni anali nayo, ataikulunga m'pepala la shuga monga amachitira alovi onse. Ndinaimba mpaka batire yanga kutha. Mayi ankangoti, "Tayesanso, mwanawe." Maboti anzake anakocheza m'bandakucha, iye mulibemo. Anatulukira madzulo a tsiku lotsatira, wapansi, mphepo itamutaya kutali kumpoto, milomo itang'ambika, foni yodzaza madzi. Maola amenewo mayi sanalawe ngakhale phala, ndipo anthu ena anali atayamba kale kusonkhana pakhomo mwa kachetechete, mukudziwa tanthauzo lake.

Mwezi womwewo ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukagula ma ova-ova awiri. Wogulitsa anandilumbirira kuti amafika makilomita 30. Ndinamukhulupirira chifukwa mtima unkafuna kukhulupirira. Titayesa m'mudzi, ine pakhomo, mng'ono wanga akuyenda cha kumsika, mawu anayamba kuphwanyika asanathe makilomita awiri, kenaka kunangotsala phokoso ngati mafuta m'chiwaya. Pa nyanja zinasintha. Ndili chilili pamchenga ndinkamumva bwinobwino ali cha ku chilumba cha Namalenje, ndipo nditakwera pathanthwe ndinamumvabe atapitirira.

Apa mpomwe ndinaphunzira chimene ogulitsa sanena. Mawailesi amenewa mawu ake amayenda chindunji ngati kuwala kwa tochi. Phiri, nyumba za njerwa, mitengo yowirira, zonsezi zimawatchinga. Ngakhale pamadzi popanda chotchinga, dziko limapindika: munthu woima pagombe amaona madzi mpaka makilomita 5 okha basi. Anthu awiri onyamula wailesi m'manja akamvana pa makilomita 8 kapena 10, ndiye kuti tsikulo zawayendera. Tsono nyanja yathuyi malo ena m'lifupi mwake imaposa makilomita 70, ndipo masiku ano usipa ukuthawira kutali, alovi akumka nautsata ndi injini mpaka kumene mapiri a kwathu saonekanso. Munthu amene akuuza mayi wa mlovi kuti kawailesi ka m'manja kafika kumeneko akugulitsa bodza, ndipo bodza lotere pa nyanja likhoza kupha. Limamupatsa mnyamata mtima wolowa mwera poganiza kuti thandizo lili m'thumba.

Ndipo ndinene chimene chimandiwawa kwambiri. Tiyerekeze kuti wailesi yagwira, mwana wakuwa kuti boti likumira. Kumtunda akumvetsera ndani? Ali ndi boti la injini? Mafuta alimo? Usiku uja padoko tinalipo anthu ambiri, koma palibe amene akanatha kulowa m'mafunde amenewo ngakhale tikanamva mawu ake. Eni zilimira amapeza ndalama za injini, za khoka, za nyali, koma ukawafunsa za majekete oyandamitsa munthu amayang'ana kumbali. Ine izi sindizivomereza. Mwini chilimira amene amatumiza ana a eni ake pamadzi opanda jekete ayenera kuitanidwa ku komiti ya padoko, BVC, n'kuyankha pamaso pa mfumu. A zanyengo amachenjeza za mwera pa wailesi ndi pa mafoni, koma mawa lake umapeza maboti akukankhidwa chifukwa bwana akufuna ndalama ya tsikulo. Mlovi akakana, mawa malo ake atenga wina.

Komatu musamve ngati ndikunyoza ma ova-ova. Pamene netiweki yasowa kapena magetsi azima masiku awiri, iwo amalankhulabe, safuna mayunitsi, safuna nsanja. Inu a ku Nkhotakota mukukumbukira madzi osefukira a ku Dwangwa mu February 2024, mmene misewu inadukira, anthu atatsekeredwa kutsidya. Pa nthawi ngati imeneyo kawailesi kofika makilomita awiri kokha ndi chuma. Athu aja timawagwiritsabe ntchito: nthawi ya mpunga ku Lifuwu wina amakhala kumunda wina kunyumba, pa maliro ndi pa ukwati amathandiza ophika ndi olandira alendo, ndipo mng'ono wanga amati phindu lake lalikulu lili pakati pa siginala ndi maboti ake. Kale ankadalira kukuwa ndi kumenya nkhafi pabwato. Usiku uja akanakhala ndi wailesi, anzake akanadziwa kumene mphepo ikumukokera asanatalikirane.

Nanga mugule iti?

Yofala ndi ya kampani ya Baofeng. BF-888S ili ndi matchanelo 16, ilibe manambala odina, ndipo agogo ngakhale mwana amaidziwa tsiku lomwelo. UV-5R ili ndi mafunde a mitundu iwiri, VHF ndi UHF, imagwiranso wailesi za FM, zimene zili zabwino pomvera za nyengo, koma mabatani ake amasokoneza, ndipo n'kosavuta kulowa pa mafunde a eni ake. Izi musazitenge mwachibwana. Mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi MACRA, ndipo zimene zili zololedwa popanda chiphaso ku Ulaya kapena ku America si lamulo la kuno. Musanagule, funsani ku MACRA za chiphaso ndi mafunde amene mungagwiritse ntchito, kenaka wodziwa kompyuta akuikireni omwewo. Kuno ku Salima tili ndi asilikali pafupi, choncho ine ndinasamala kwambiri.

Mawailesi a mitundu iwiri yonseyi amaopa madzi, ndiye ya mwana wanu izikhala m'thumba losalowa madzi, lomangirira m'khosi. Gulani batire yapadera ndi kasola kotchajira. Pogula yesani yanu ndi ya mwana wanu limodzi, wina atuluke panja ayende kamtunda. Polankhula mlongoti uziloza kumwamba, inu muli pamalo okwera. Mugwirizane tchanelo chimodzi ndi nthawi zoitanana, chifukwa batire sichedwa kutha ngati mukungocheza. Ndipo mukambirane ndi mwini boti la injini padoko lanu kuti nayenso akhale nayo yoyatsa usiku.

Koma mayi, ngati ndalama yanu ikukwana chinthu chimodzi chokha mwezi uno, yambani mwamugulira jekete. Mng'ono wanga ndinamufunsa dzulo lija ndisanalembe izi, ndipo anati ndikuuzeni kuti mwana wanuyo aziivala ndithu pathupi, asamaikhalire ngati mpando.