Black hole yobadwa nyenyezi zisanayambe kuwala, zingatheke?

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'modzi mwa awerengi athu ndipo akufunsa kuti: "Timamva kuti black hole imapangika nyenyezi yaikulu ikafa. Nanga izi akunena zoti kuli ena omwe anapangika nyenyezi kulibe n'komwe, si bodza limeneli?"

Achimwene, si bodza ayi, komanso tisathamangire kunena kuti alipo chifukwa mpaka lero palibe wapezapo ngakhale imodzi. Chomwe chilipo ndi masamu, koma masamu ake ndi ogwira mtima ndithu.

Mukuona, black hole sikuti imafuna nyenyezi. Imangofuna zinthu zambiri zipanikizike pakamalo kochepetsetsa mpaka mphamvu yokoka ifike poti ngakhale kuwala sikungathawe. Dziko lathu lomweli mutalifinya lonse mpaka lifanane ndi nsonga ya chala chanu, basi lasanduka black hole. Masiku ano chomwe chimatha kufinya chonchi ndi nyenyezi yaikulu ikamadzigwera yokha, koma zaka 13.8 biliyoni zapitazo, sekondi yoyamba isanathe n'komwe chichitikireni Big Bang (chiyambi cha chilengedwe), chilengedwe chonse chinali chothinana kale komanso chotentha zoopsa, ndiye ngati penapake panathinana mopitirirako pang'ono kusiyana ndi pozungulira, pamenepo pakanangodzigwera pokha osadikira nyenyezi, zomwe zinadzayamba kuwala patadutsa zaka zoposa 100 miliyoni.

Ganizoli si la dzulo. Asayansi Yakov Zeldovich ndi Igor Novikov analiyamba m'ma 1960, Stephen Hawking n'kulemba zake mu 1971, kenako iye ndi Bernard Carr analikulitsa mu 1974.

Chomwe chimandikoka mtima ine ndi nkhani ya kulemera. Black hole yochokera ku nyenyezi imakhala yolemera kuposa dzuwa kangapo, siingachepere apo. Koma ma black hole akalewa, opangika nyenyezi zisanakhaleko, alibe lamulo limenelo, kulemera kwake kumatengera nthawi yomwe anapangika, opangika msanga kwambiri n'timating'ono, ochedwerako ndi zimphona. Ndipo Hawking anaonetsanso mu 1974 kuti black hole imataya mphamvu pang'onopang'ono, ikamachepa m'pamene imatentha kwambiri n'kutha msanga. Ndiye ting'onoting'ono kwambiri tinatha kalekale, pomwe yolemera matani pafupifupi 500 miliyoni, yomwe kukula kwake ndi kochepa kwambiri kuposa atomu, ikanakhala ikumalizika nthawi yathu ino. Tangoganizani, matani onsewo m'kanthu koti ndi maso simungakaone!

Mwina mufunsa kuti tikuvutikiranji ndi zinthu zosaonekazi. Chifukwa chachikulu ndi dark matter, yomwe ndi pafupifupi 85 peresenti ya zinthu zonse zolemera m'chilengedwe koma siiwala. Ena akuti mwina ndi ma black hole akalewa. Asayansi akhala akuyang'anitsitsa nyenyezi mamiliyoni kudikira kuti chinthu chakuda chidutse kutsogolo kwa ina n'kupinda kuwala kwake, nyenyeziyo ioneke yowalirako kwa kanthawi. Kafukufuku wotereyu wa magulu a asayansi otchedwa MACHO, EROS ndi OGLE watseka zitseko zambiri za ganizoli, mpata waukulu womwe watsala ndi wa olemera ngati miyala ikuluikulu yoyandama m'mlengalenga ija.

Nkhaniyi inadzukanso LIGO, chipangizo chomwe chimamva mafunde a mphamvu yokoka ochokera m'mlengalenga, itamva kugundana kwa ma black hole awiri pa 14 September 2015, ina yolemera ngati madzuwa 36 ina 29, anthu n'kumafunsa kuti akuluakulu chonchi achokera kuti. Telesikopu ya James Webb nayo ikuona zimphona za ma black hole chilengedwe chikadali chaching'ono, ngati kuti zinakula mofulumira kwambiri. Ine apa sinditengeka msanga, zonsezi zikhoza kufotokozedwa popanda akalewa.

Umboni womwe ine ndikudikira ndi umodzi basi achimwene, tsiku lomwe LIGO ndi anzake adzamve motsimikiza black hole yopepuka kuposa dzuwa, chifukwa palibe nyenyezi yomwe ikafa ingasiye yotero.