Big Star ndi Chris Bell: kodi ndi imfa imene inawatchukitsa?

Wowerenga wina wanditumizira imelo, ndipo nkhani yake mwachidule ndi iyi. Akuti anakumana ndi nyimbo ya bandi ya ku America yotchedwa Big Star pa YouTube, n'kuikonda. Atafufuza anadabwa kuona kuti anthu amaitama bandiyi ngati imodzi mwa zikuluzikulu za rock, chonsecho pa nthawi yake zimbale zake sizinayende malonda. Anawerenganso kuti mmodzi mwa eni bandiyo, Chris Bell, anamwalira ali ndi zaka 27. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi si imfa chabe imene inawakweza anthu amenewa? Paja munthu akatsikira kulichete aliyense amamunenera zabwino. Akanakhala akatswiri enieni, bwanji anthu sanagule nyimbo zawo iwo ali moyo?"

Achimwene, kwa oimba ena maganizo anuwo amagwira ndithu. Kwa Big Star akuterereka, ndipo zaka za zochitikazo zikayalidwa mwandondomeko muona nokha pamene akutererekera.

Bandiyi inayamba mu 1971 mumzinda wa Memphis, m'chigawo cha Tennessee. Anali anyamata anayi: Chris Bell ndi Alex Chilton pa magitala ndi kuimba, Andy Hummel pa besi, Jody Stephens pa ng'oma. Chilton ndiye anali ndi dzina kale. Mu 1967, ali ndi zaka 16 zokha, anaimba "The Letter" ndi gulu la Box Tops, nyimbo imene inafika pa nambala 1 ku America konse. Bell analibe dzina lililonse kunja kwa Memphis. Anali mwana wa bambo wina wamalesitilanti, wopenga ndi nyimbo za Beatles, ndipo usiku ankakhalira ku situdiyo ya Ardent kumene mwini wake, John Fry, ankalola achinyamata kuphunzira kujambula nyimbo makasitomala akaweruka. Bell, Hummel ndi Stephens ankaimbira limodzi kale. Chilton ndiye anachita kulowa. Dzina lakuti Big Star analitenga pa chikwangwani cha golosale imene inali kutsidya kwa msewu, kumene ankakagula zokhwasula akatopa. Chimbale choyamba anachitcha #1 Record. Kunali kuseka, koma mwina theka lokha.

Chimbalecho chinatuluka mu 1972 ndipo olemba nkhani za nyimbo anachiyamikira kwambiri. Makope amene anagulidwa sanakwane 10,000.

Apa ndi pamene pagona yankho la theka lachiwiri la funso lanu. Ardent, imene inatulutsa chimbalecho, inali kampani yaing'ono, yopanda magalimoto kapena anthu oti n'kumwaza zimbale m'masitolo a dziko lalikulu ngati America. Ntchito imeneyo inali m'manja mwa Stax, kampani ya ku Memphis komweko imene inakweza Otis Redding, Isaac Hayes ndi Staple Singers. Stax inkadziwa bwino kugulitsa nyimbo za soul: inkadziwa masitolo ake, mawailesi ake, aulutsi ake. Bandi ya anyamata achizungu oimba ngati a Beatles a ku Liverpool inali katundu wachilendo kwa iyo. Ndiye zimachitika n'zakuti munthu wamva nyimbo pa wailesi kapena wawerenga m'magazini, wapita kusitolo ndalama ili m'manja, akumuuza kuti chimbale chimenecho sanachionepo. Amene munakula nthawi ya makaseti mukudziwa kuti nyimbo ikhoza kuvuta pa wailesi mwezi wathunthu, koma ngati kaseti yake sinafike pa benchi la wogulitsa pa depoti, woimbayo sadyapo kanthu. Anthu amangogula ina imene ilipo.

Zinthu zinafika poipa kumapeto kwa 1972 pamene Stax inapanga mgwirizano wakuti Columbia, kampani yaikulu ya ku New York, ndiyo izigulitsa zimbale zake. Amene anasainira mgwirizanowo ku mbali ya Columbia, Clive Davis, anachotsedwa ntchito mu May 1973, ndipo amene anatsala analibe nawo chidwi. Makampani awiriwo anayamba kukokanakokana, tizimbale ta Ardent n'kumangounjikana m'nyumba zosungira katundu. Radio City, chimbale chachiwiri cha Big Star, chinatuluka mu 1974 mkati mwa mkangano umenewu ndipo chinagulidwa makope pafupifupi 20,000. Pofika kumapeto kwa 1975 Stax yeniyeniyo inali itagwa ndi ngongole.

Ena amati vuto linali lakuti nyimbo zawo sizinali za nyengo imeneyo, poti 1972 inali nthawi ya Led Zeppelin ndi mabandi oimba nyimbo imodzi mphindi khumi, pamene Big Star inkaimba tinyimbo tatifupi ta mphindi zitatu. Pali kachoonadi ndithu, komanso iwowo sankayendayenda kukaimba m'mizinda ina monga mmene bandi yofuna dzina imayenera kuchitira. Koma chaka chomwecho gulu la Raspberries linalowa m'gulu la nyimbo khumi zapamwamba ndi chamba chofanana kwambiri ndi chawo. Makutu oti n'kumva nyimbo zoterozo analipo. Kusiyana kwake, a Raspberries anali ndi Capitol kumbuyo kwawo.

Tsopano za Bell. Iye sanafike n'komwe pa chimbale chachiwiri. Anachoka kumapeto kwa 1972, patangopita miyezi yochepa chitulukireni #1 Record. Nyimbo zambiri za m'chimbalecho zinalembedwa kuti "Bell/Chilton", potengera mmene Lennon ndi McCartney ankachitira, ndipo kamvekedwe kake koyera, kamene magitala amalira ngati mabelu, kanali thukuta la Bell, amene ankachezera pa makina pamodzi ndi Fry. Koma olemba nkhani poyamikira ankangoti ndi bandi yatsopano ya Alex Chilton wa Box Tops. Tangoganizani: bandi mwaiyamba ndinu, mnzanu mwachita kumuitana, chimbale sichikugulidwa, ndipo ngakhale kuyamikira kochepa kumene kukubwerako kukupita kwa mlendo. Ukali unagwera pa amene anali pafupi. Tsiku lina Hummel anamumenya Bell chibakera kumaso, Bell n'kutenga besi yatsopano ya Hummel n'kuiphwanyira pakhoma. Hummel anangosunga mumtima. Atapeza gitala ya Bell ili m'galimoto mopanda munthu, anaibowolabowola ndi sikuludiraiva. Umu ndi mmene imathera bandi imene ikudziwa kuti yaphika chinthu chabwino koma palibe wogula.

Bell anadwala matenda a maganizo, analowerera mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kenaka anatembenuka mtima n'kukhala Mkhristu wolimbikira, ngakhale mtendere weniweni sanaupeze msanga. Mkulu wake David, poona kuti mng'ono wake akutha, anamutengera ku Ulaya. Anajambula nyimbo ku Château d'Hérouville ku France, situdiyo imene Elton John anajambulirako zimbale zake, ndipo ku London anagwira ntchito ndi Geoff Emerick, injiniya wa Beatles mwiniwake, ku situdiyo ya AIR. Abale awiriwa anayenda ndi matepi m'maofesi a makampani oimbitsa, koma palibe imene inamutenga. Anabwerera ku Memphis n'kukayamba ntchito m'malesitilanti a bambo ake otchedwa Danver's.

Chaka cha 1978 zinayamba kuoneka ngati zikusuntha. Woimba wina wachinyamata, Chris Stamey, anatulutsa nyimbo ziwiri za Bell pa kakampani kake ka Car Records: "I Am the Cosmos" mbali imodzi, "You and Your Sister" mbali inayo, ndipo m'nyimbo yachiwiriyi mawu othandizira ndi a Chilton. Ku Britain, EMI inatulutsanso zimbale ziwiri zoyamba za Big Star m'phukusi limodzi. Kenaka usiku wa pa 27 December, Bell akuchokera kokonzekera nyimbo ndi anzake, galimoto yake ya Triumph TR7 inaphonya msewu kum'mawa kwa Memphis n'kuwomba pholo. Anafera pomwepo. Maliro anaikidwa mawa lake, pa 28 December, tsiku lobadwa la Chilton.

Imfayo sinagulitse kanthu. Kuti muone mmene imfa imagulitsira nyimbo, yang'anani Otis Redding, amene ankajambula nyimbo zake mumzinda womwewo. Anafa pa ngozi ya ndege mu December 1967 ali ndi zaka 26, ndipo patangotha miyezi itatu nyimbo imene anajambula atatsala pang'ono kufa inali pa nambala 1. Koma Redding anali wodziwika kale, dziko linamulira, ndipo panali kampani ya Atlantic yokhala ndi mphamvu zofikitsa nyimboyo m'sitolo iliyonse anthu akadali ndi chisoni. Bell anamwalira ali woyang'anira lesitilanti, munthu amene kale ankaimbako. Panalibe gulu la anthu loti n'kumulira kupatula abale ndi anzake, panalibe kampani yoti n'kudyerapo, ndipo matepi ake anakhala m'manja mwa mkulu wake zaka 14.

Dzina la Big Star linakula mwa njira ina, pang'onopang'ono, kudzera mwa oimba anzawo. Aja ochepa amene anapeza zimbalezo ankabwerekana, kujambulirana pa makaseti, ndipo ambiri mwa iwo anadzayamba mabandi awo. Anyamata a R.E.M. ankaitchula Big Star pafupipafupi akamacheza ndi atolankhani. Mu 1984 gulu la ku London la This Mortal Coil linaimbanso nyimbo ziwiri zochokera m'chimbale chachitatu cha Big Star, chotchedwa Third. Mu 1986 atsikana a Bangles anaika "September Gurls" m'chimbale chimene chinagulidwa makope oposa miliyoni. Mu 1987 a Replacements anatulutsa nyimbo imene mutu wake ndi dzina la Alex Chilton basi. Mwaona chimene chikuchitika pamndandandawu? Nyimbo zonse za Big Star zimene anaziimbansozi ndi za Chilton, zolembedwa Bell atachoka kale, ndipo dzina limene likufuulidwa ndi la munthu wamoyo, amene kumayambiriro kwa zaka zimenezo ankatsuka mbale ndi kudula mitengo ku New Orleans. Ikanakhala imfa ndiyo inayatsa motowu, bwenzi akuimba za Bell. M'malo mwake zimene zinamupweteka ali moyo zinapitirira ali m'manda: mbiri inapitanso kwa Chilton.

Bell anayamba kubwezeredwa gawo lake mochedwa. This Mortal Coil inaimbanso nyimbo zake ziwiri zija mu 1991, ndipo mu 1992 kampani ya Rykodisc inasonkhanitsa matepi aja n'kutulutsa chimbale cha I Am the Cosmos, David Bell n'kulemba mbiri ya mng'ono wake m'kabuku ka mkati. Chaka chotsatira ophunzira a pa yunivesite ya Missouri anapempha Chilton ndi Stephens kuti adzaimbe monga Big Star, ndipo modabwitsa Chilton anavomera. Malo a Bell ndi Hummel anatengedwa ndi Jon Auer ndi Ken Stringfellow a gulu la Posies. Mu 2003 magazini ya Rolling Stone inaika zimbale zonse zitatu pa mndandanda wake wa zimbale 500 zopambana.

Pamenepa ndikuvomerezeni pang'ono. Kuyambira 1992, imfa ya Bell yakhala ikulowerera pa mmene anthu amamvera nyimbo zake. Munthu akamamvetsera mawu ake osasa aja akudziwa mmene nkhani inathera, amamva zambiri kuposa zimene zili m'tepimo, ndipo olemba nkhani amakonda kuikometsera ndi zija zakuti oimba amafa ali ndi zaka 27, n'kumuika pamzere umodzi ndi Jimi Hendrix ndi Janis Joplin. Zimenezo ine sindizigula. Nambala sipha munthu, ndipo Bell sanafe akudziwononga pa chimake cha kutchuka. Anafa pa ngozi yapamsewu pa nthawi imene ankayesa kuyambiranso. Koma kukometsera konseku kunabwera dzina la bandi litakhazikika kale.

Ngakhale kutchuka kumene tikunenaku musakuone ngati chuma. Ndalama yooneka imene nyimbo ya Bell ndi Chilton inabweretsa inachokera pa wailesi yakanema: "In the Street", ya m'chimbale choyamba, inasandutsidwa nyimbo yotsegulira sewero la That '70s Show kuyambira 1998, ndipo ambiri amene amaidziwa amaidziwa m'mawu a gulu la Cheap Trick, osadziwa n'komwe eni ake. Chilton ankanena moseka kuti amalandira madola 70 sewerolo likaonetsedwa. Hummel anasiya zoimba mu 1974, anamaliza sukulu n'kukagwira ntchito ku kampani yopanga ndege. Chilton anamwalira ndi matenda a mtima pa 17 March 2010 ali ndi zaka 59, kutatsala masiku ochepa kuti bandi ikaimbe ku Austin, ndipo Hummel anamutsatira mu July chaka chomwecho ndi khansa. Stephens yekha ndiye anatsala, ndipo wagwira ntchito ku Ardent komweko zaka zambirimbiri.

Simunandifunse koyambira, koma ndikuuzanibe. Chimbale chachitatu, chimene anthu okonda kuoneka ozama amachitama kwambiri, musayambire pamenepo. Chinajambulidwa mu 1974 Chilton ali wosokonezeka, Jim Dickinson akutsogolera kujambulako, chinasowa kampani mpaka 1978, ndipo n'cholemera moti mukhoza kuthawa musanafike pakati. Yambani ndi #1 Record mwathunthu, kuyambira nyimbo yoyamba, imene akutsogolera ndi Bell. Mukatero mumvetsere Radio City, muone mmene magitala akukhalira okalipa komanso osapesa iye atachoka; ena amachikonda chifukwa cha zomwezo, ine ndimakhalabe ku choyamba. Pomaliza mutenge I Am the Cosmos, koma dziwani kuti si chimbale chimene mwini wake anachikonza n'kuchisanja. Ndi matepi ojambulidwa m'masitudiyo osiyanasiyana pa zaka zingapo, nyimbo zina zamphamvu zedi, zina zongoyesera, ndipo zitatu kapena zinayi za rock yaphokoso mukhoza kuzidumpha osataya kanthu.