Yankho kwa achemwali pa za wosewera gofu amene sanasayine chipewa cha mwana

Eee, achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu lija ndaliona mu gulumu. Ndati ndikalemba ndi zala zangazi tifika mawa, bola ndingoyankhula. Mupirire, ikhala yaitali pang'ono. Alamu akamadandaula kuti foni yadzadza, muwauze kuti wolakwa ndine.

Kavidiyo kaja ndakaonera kawiri. Mwana waima pachingwe, watambasula chipewa ndi cholembera, mkulu wa gofu uja wangodutsa maso ali pansi, osacheuka n'komwe. Ndiye mwafunsa kuti kodi anthu amenewa, ndi ndalama zonse amalandirazi, sayenera kumasangalalira anthu owachemerera? Komanso poti ana amawatengera, sayenera kukhala chitsanzo? Mwatinso mnyamata wanuyo wakwiya mpaka wachotsa chithunzi cha munthuyo pafoni. Hehe, ameneyo watengera amalume ake, mtima wapachala.

Tsono ndiyambe ndi zimene kavidiyo ka masekondi ochepa sikangakuonetseni. Mpikisano wa gofu umatenga masiku 4, Lachinayi mpaka Lamulungu, maenje 18 tsiku lililonse, ndipo tsiku limodzi munthu amakhala ali chiyendere maola 4 kapena 5. Likakwana Lachisanu madzulo, m'mipikisano yambiri amadula, pafupifupi theka la osewera amabwerera kwawo osalandira mphoto iliyonse, pomwe ndege, hotela ndi wonyamula chikwama cha ndodo uja, amene amati caddie, walipira yekha. Si mpira wamiyendo woti ukalakwitsa mnzako akuphimba. Kuno uli wekha, ndipo shoti imodzi yokha ikhoza kukusiyanitsa ndi madola masauzande ambirimbiri.

Ndiyeno akamaliza dzenje lomaliza ntchito imakhala isanathe. Amayenera kupita kaye kukachipinda kukaona khadi lolembapo mashoti, kuwerenga dzenje lililonse, kenako n'kusayina. Amene amakulembera mashotiwo ndi mnzako amene ukusewera naye, koma ukasayina mlandu ndi wako. Mu 1968 pa mpikisano wa Masters, Roberto De Vicenzo wa ku Argentina anamenya mashoti 3 pa dzenje la 17, mnzake Tommy Aaron n'kulemba 4. Iye mutu uli pena, anangosayina. Lamulo limati nambala yokwera ukaisayinira imakhala yomweyo, ndipo mu gofu amawina ndi amene wamenya mashoti ochepa. Basi, Bob Goalby anatenga jekete yobiriwira imene amaveka wopambana Masters chifukwa cha shoti imodzi imene sinamenyedwe n'komwe. Ndipo linali tsiku lobadwa la De Vicenzo, tangoganizani. Ndiye mukamaona munthu akuthamangira kukachipinda kaja osayang'ana kumbali, nthawi zina si matama ayi, akuwerengetsa manambala m'mutu.

Koma musaganize kuti ndikuwaikira kumbuyo. Ngongole ilipo, achemwali, ndipo iwo eni amaidziwa. Ndalama za gofu sizimera pakapinga paja. Zimachokera ku ma TV ndi makampani amene amalipira kuti dzina lawo lioneke, ndipo makampaniwo amalipira chifukwa ife tikuonera. Mwana wa pachingwe uja, bambo ake anagula tikiti. PGA Tour, bungwe loyendetsa mipikisano ku America, inachita kuvomereza poyera mu 2021 pomwe inakhazikitsa thumba la madola 40 miliyoni logawira osewera 10, osati chifukwa chopambana, koma chifukwa chokopa anthu. Woyamba anali Tiger Woods, analandira 8 miliyoni, chonsecho chaka chimenecho sanasewere mpikisano uliwonse wa bungwelo chifukwa cha ngozi yagalimoto ija ya mu February ku Los Angeles. Munthu ali pa ndodo zoyendera, koma ndalama zikulowa chifukwa anthu amamukonda. Nanga pamenepa wina anganene kuti masapota alibe nawo gawo? Komanso Lachitatu mpikisano usanayambe, amawaseweretsa ndi anthu wamba amene alipira ndalama zambiri, mabwana a makampani ndi alendo awo. Kumeneko ndiye amaseka bwinobwino, ngakhale bwanayo akuponyera mpira m'madzi kachisanu. Ndiye kuseka amatha. Funso langa limakhala loti, bwanji kumwetulira kumene anapatsa bwana Lachitatu kukusowa pa mwana Lamulungu?

Amene anazimvetsa bwino zimenezi ndi Arnold Palmer. Mkulu ameneyu anamwalira mu 2016, koma mpaka lero akamakamba za kukonda anthu amatchula iye. Gulu lomutsatira ankachita kulitcha asilikali a Arnie. Ankaima nthawi yaitali kusayinira anthu, ndipo ankadzudzula anyamata osayina mokhwatchakhwatcha, amvekere munthu wakudikira, mulembere dzina loti akaliwerenge kunyumba. Kanthu kakang'ono, koma ine kamandigwira mtima.

Ndiye zoseketsa zake, mkangano waukulu wa nkhani yanuyi unabuka pa mpikisano wa dzina la Palmer yemweyo, ku Bay Hill ku Florida, mu March 2025. Collin Morikawa ankatsogola ndi mashoti 3 kutatsala maenje 5, Russell Henley n'kumupitirira, kumuposa ndi shoti imodzi. Morikawa anachoka osayankhula ndi atolankhani. Sabata yotsatira atamufunsa, anayankha kuti iye alibe ngongole ndi munthu aliyense. Eee, akuluakulu a gofu anamutsira mphepo. Iye podziteteza ananena kuti masapota anaima n'kuwasayinira tsiku lomwelo, amene anawazemba ndi atolankhani okha. Ine kuchokako sindimudzudzula kwambiri, munthu chikho chakupulumuka m'manja, mtima umawawa. Chimene anaphonya ndi pakamwa. Akanangoti pepani, ndinali wosweka mtima, nkhani ikanathera pomwepo. Koma zoti ndilibe ngongole ndi aliyense, iyayi. Wavala chipewa cha kampani, malaya a kampani, chikwama chalembedwa kampani, ndiye ukuti palibe amene wakuikapo pamenepo?

Rory McIlroy naye anachita zofanana ku Pinehurst mu June 2024, pa US Open. Anaphonya timashoti tiwiri tapafupi pa dzenje la 16 ndi la 18, kena kosakwana n'komwe mita imodzi, Bryson DeChambeau n'kuwina ndi shoti imodzi. Rory anangolowa m'galimoto n'kumapita. Mawa lake analemba uthenga womuyamikira Bryson. Apo Bryson anali akuzungulira ndi chikho kuti anthu achigwireko. Ndiye anthu anati onani wabwino, onani woipa. Koma achemwali, wopambana kugawa chimwemwe si nkhani. Ngakhale ine nditapatsidwa chikho ndikhoza kupsompsona aliyense pamsewu.

Palinso mbali ina imene anthu otumiza timavidiyo totere sajambula: khalidwe la masapota eni ake. Gofu ndi masewera oti munthu akamakonzekera kumenya, oyang'anira amakweza manja ndi timatabwa kuti aliyense akhale chete, ndipo anthu amakhala pafupi kwambiri, chingwe chokha pakati, mwina masitepe atatu. Ndiye wina wamwa kuyambira m'mawa, akudikira ndodo ikwere m'mwamba kuti akuwe. Ku Phoenix mu 2024 zinafika poti anatseka mageti n'kuyimitsa kugulitsa mowa chifukwa cha chipwirikiti. Ku Ryder Cup ya 2025, mpikisano wa timu ya Europe ndi ya America, ku Bethpage, New York, anthu anamutukwana Rory masiku atatu, kutukwana mpaka banja lake, ndipo kapu ya mowa inagenda mkazi wake. Europe, timu ya Rory, inawinabe 15 kwa 13. Tsono munthu wotukwanidwa tsiku lonse choncho, madzulo timuuze kuti mwetulira, uli ndi ngongole nafe? Tikiti imagula malo oimapo n'kuonera. Siigula munthu.

Ndiye ine ndikuona chonchi. Ulemu, eya, ali nawo ngongole. Kucheuka, kukweza dzanja, kunena kuti ndibwera ndikasayina khadi, n'kubweradi. Kupatsa mwana kampira kapena gulovu potuluka, ambiri amachita, ndipo sizimudyera kanthu. Koma zoti akhale wansangala, wocheza, woseka ndi aliyense, chimenecho ndi chibadwa, simungachilembe mu kontrakiti. Ben Hogan anali munthu wouma nkhope, wosayankhula, moti anthu a ku Scotland atamuona ku Carnoustie mu 1953 anamupatsa dzina lomufanizira ndi madzi oundana. Koma ndi yemweyo amene galimoto yake inawombana ndi basi mu 1949, anthu n'kumakayika ngati adzayendenso, iye n'kudzawina US Open mu 1950 miyendo atakulunga mabandeji. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Mwana angaphunzire zambiri kwa munthu ameneyo ngakhale sanamusekerepo.

Apa ndiye ndafika pa funso lanu lachiwiri, la chitsanzo, ndipo m'pamene ndikufuna mundimvetse. Vuto lathu timasakaniza kumwetulira ndi khalidwe. Pali wosewera wina, Matt Kuchar, amene ankadziwika ndi kumwetulira, mano panja nthawi zonse, anthu akamuona amakuwa dzina lake mokoka. Mu November 2018 anapita ku Mayakoba ku Mexico opanda caddie wake wanthawi zonse, n'kutenga bambo wina wa komweko kuti amunyamulire chikwama. Anawina, mphoto yake madola pafupifupi 1.3 miliyoni. Mwachizolowezi wosewera akawina, caddie amalandira gawo limodzi mwa magawo 10. Bamboyo anapatsidwa madola 5,000. Kuchar poyamba ankati ndi zimene tinagwirizana, palibe cholakwika. Anthu atamuwawanya kwambiri, mu February 2019 anapepesa n'kukwanitsa 50,000. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu ameneyu akanadutsa pachingwe paja akanamusayinira mwana uja, mwinanso kujambulitsa naye, ife tonse n'kumati koma ndiye munthu. Pomwe amene anamunyamulira chikwama masiku anayi padzuwa akubwerera kwawo ndi nyenyeswa.

Za Tiger ndiye mukuzidziwa. Anawina Masters mu 1997 ali ndi zaka 21, kusiya wachiwiri ndi mashoti 12, makampani n'kumukonza kuti aoneke ngati mwana wangwiro woti kholo lililonse liloze. Mu November 2009 zachinsinsi za m'banja mwake zitaululika, Accenture, AT&T ndi Gatorade anamuthawa. Mu February 2010 anaima pamaso pa makamera kupepesa, ndipo anatchula makolo amene ankamuloza kwa ana awo ngati chitsanzo. Ine ndimati amene anamuveka mkanjo wa ungwirowo anali otsatsa malonda, ife n'kugula. Chimene tinkachidziwa za iye chinali kamenyedwe ka mpira basi. Zinazo tinkangodzazira tokha. Ndipo mu 2019 atawinanso Masters, msana atauchita maopaleshoni kangapo, anthu omwewo analira ndi chimwemwe. Ndiye chitsanzo chake n'chiti, cha 2009 kapena cha 2019? Munthu ndi mmodzi yemweyo.

Ngati pali chinthu chimene ndingawakakamize osewera gofu kuti akhale chitsanzo, ndi chilungamo pabwalo, chifukwa chimenecho ndiye ntchito yawo. Gofu ilibe refa wothamanga pambali pako ndi wezulo. Mpira ukasuntha m'udzu chifukwa cha iwe, umayenera kudziulula wekha. Mu 1925 pa US Open, Bobby Jones anaona mpira wake wasuntha pang'ono pomwe ankakonzekera kumenya. Palibe wina anaona, oyang'anira ankati zisiyeni, iye anakakamira kuti amuwonjezere shoti. Pamapeto anafanana mashoti ndi Willie Macfarlane, anabwereza, Jones n'kuluza. Anthu atayamba kumutamanda anakana, amvekere ndi chimodzimodzi kutamanda munthu chifukwa sanathyole banki. Ndiye ukamayerekeza ndi Sergio Garcia amene anamuchotsa mu mpikisano ku Saudi Arabia mu 2019 chifukwa chowononga kapinga wa pamaenje ndi mkwiyo, anzake akubwera m'mbuyo kudzasewera pomwepo, apo ndiye ine ndimakwiya kuposa za chipewa chosasayinidwa. Zimenezo mwana amaonera n'kukachita mawa lake.

Ndiye mnyamatayo musamukalipire kuti wachotsa chithunzi, foni ndi yake, ndipo kukhumudwako kukuonetsa kuti anamvera chisoni mwana mnzake, zomwe ine ndasangalala nazo. Kungoti mumufunse ngati akudziwa zimene zinachitika kavidiyoko kasanayambe komanso katatha. Mumuuzenso kuti kamenyedwe ka munthuyo, ngati amakakonda, apitirize kukopera, sikanalakwe kanthu. Za momwe tiyankhulire ndi anthu ndiye akuonera inu ndi alamu tsiku ndi tsiku, si wa pa TV amene sadziwa n'komwe kuti mnyamatayo aliko. Ndipo paja tsiku lija tinkasewera naye anandiuza kuti wamenya 6 pomwe ine ndinawerenga 8. Ndinangokhala chete poti munali pomwepo. Mumuuze andiyimbire Loweruka, nkhani ya Bobby Jones ndikufuna ndimufotokozere ndekha.

Batire yafiira. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.