Bambo anu akumva kuti mukuyankhula, koma mawuwo sakuwagwira

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti bambo awo anagwira ntchito pachigayo zaka zambiri, ndipo masiku ano akawayankhula amangoti "mwati chiyani?", makamaka akamacheza ndi adzukulu. M'khutu mulibe bala, mulibe mafinya. Ndiye akufunsa kuti vuto lili pati.

Mayi, vutolo lili mkati kwambiri, komwe diso silifika. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Khutu lakunjali limawonjola kunjenjemerako n'kukulowetsa m'kanjira kotalika pafupifupi masentimita 2.5, mpaka pakanembanemba kokungika ngati chikopa cha ng'oma. Kuseri kwake kuli timafupa titatu tolumikizana. Komaliza ndiye fupa laling'ono kwambiri m'thupi lonse, losaposa kambewu ka mpunga. Timafupati timakankha madzi a m'kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, kotchedwa cochlea.

Pamenepa mpomwe pagona nkhani ya bambo anu. M'kankhonomo muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi titsitsi pamwamba. Madzi akagwedezeka, titsitsito timapendekeka, ndipo mtsempha umanyamula uthenga kupita ku ubongo. Timaseloti tinagawana ntchito: ta pakhomo pa kankhonoko timamva mawu ang'ono, osongoka, pomwe ta kunsonga timamva mawu a besi. Georg von Békésy, wasayansi wobadwira ku Hungary, analandira mphoto ya Nobel mu 1961 chifukwa chofotokoza mmene mafunde amayendera m'kankhonomu.

Phokoso lalikulu la tsiku ndi tsiku limayamba kupha timaselo ta mawu osongoka aja. Choncho "a", "o" ndi "u" bambo amazimvabe, koma "s" ndi "f" zimawathawa, mwakuti "kusula" ndi "kufula" kwa iwo zimamveka chimodzimodzi. Mawu a ana nawo ndi ang'ono, n'chifukwa chake adzukulu ndiwo amavuta kuwamva. Chonde musamawaone ngati akuchitira dala.

Chondipweteka mtima n'chakuti timaseloti tikafa sitimeranso. Mbalame zimatha kumeretsa tatsopano, ife ayi. Akatswiri amati phokoso la madesibo 85 (desibo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) lisapitirire maola 8 patsiku, ndipo likakwera ndi madesibo 3 okha, nthawiyo idulidwe pakati. Malo amene mumachita kufuula kuti mnzanu wapafupi amve, dziwani kuti makutu akuvulala. Nanga ndi angati mwa anyamata a pachigayo kapena owotcherera zitsulo amene mudawaona atavala zotseka m'makutu?

Musawatokose m'khutu ndi nthenga kapena mtengo wa machesi poganiza kuti ndi phula. Mungaboole kanembanemba kaja. Apititseni kuchipatala akawayeze. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli gawo loyeza makutu, ndipo kachipangizo kovala m'khutu kangathe kukweza mawu osongoka omwe akuwasowawo. Podikira, muziwayankhula mutayang'anana nawo, wailesi itazimitsidwa, mwachifatse komanso osakuwa, chifukwa kukuwa kumangokweza "a" ndi "o" zomwe akuzimva kale.