Mawu osasa a Markos Vamvakaris

Mayi wina wogwira ntchito pa lesitilanti ya Mgiriki ku Johannesburg wandilembera imelo. Akuti abwana ake sipadutsa tsiku osaika nyimbo za Markos Vamvakaris, ndiye akufunsa: munthu wa mawu osasa chonchi, Agiriki amamukonderanji?

Achemwali, amene mukumumvayo ndi munthu wosenza malasha.

Markos anabadwa m'chaka cha 1905 pachilumba cha Syros ku Greece, m'banja losauka la Chikatolika, pomwe Agiriki ambiri ndi a Orthodox. Mu 1917, ali ndi zaka 12, anathawira ku doko la Piraeus. Kumeneko ankasenza katundu ndi malasha, kenako n'kuyamba kusenda zikopa kophera ng'ombe. Anakula pakati pa zigawenga, andende ndi osuta chamba, ndipo m'menemo ndi momwe anamva bouzouki, chida cha zingwe cha khosi lalitali. Iye mwini ankasimba kuti analumbira kudzidula dzanja ngati sadzachidziwa pakutha pa miyezi 6.

Nthawi imeneyo anthu olemekezeka ankachiona ngati chida cha zigawenga. Markos anayamba kujambula nacho nyimbo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1934 iye ndi Giorgos Batis, Stratos Pagioumtzis ndi Anestis Delias anapanga gulu la anthu anayi. Nyimbo zawo, zotchedwa rebetiko, zinkakamba za ndende, njala, chamba ndi mkazi wothawa banja, osabisa kanthu. Boma la wolamulira wankhanza Metaxas litalowa mu 1936 linaletsa mawu otere, Markos n'kusintha zolemba koma osasiya kuimba.

Chimene chimandikhudza ine ndi zaka za m'ma 1950. Nyamakazi inamugwira zala, oimba atsopano anatenga malo, ndipo munthu amene anatsegulira anzake njira anaiwalika, n'kubwerera kuumphawi. Anadzamukumbukira cha m'ma 1960, woimba wotchuka Grigoris Bithikotsis atajambula nyimbo zake, ophunzira a kuyunivesite n'kuyamba kumufunafuna. Anamwalira mu 1972. Mu 2017 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika rebetiko pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse.

Mawa mukafika kuntchito, muwapemphe abwanawo akuikireni Frankosyriani, ya mu 1935. Ndi nyimbo yofunsira mtsikana wa Chikatolika wa ku Syros, ndipo Markos akumulonjeza kukamuyendetsa m'midzi ya kwawo. Mutchere khutu, mumva akutchula Finikas ndi Galissas.