Tifunseni za Tinjerwa: Kuonetsa Zimene Mwamanga ndi Kuuzana Pokonza

Ndinamanga nyumba ya nsanjika ziwiri ndi tinjerwa toseweretsa ta LEGO, ya m'mutu mwanga, osatsatira buku la malangizo. Nditaionetsa kwa omanga anzanga, onse anangoti "zabwino" basi. Kodi ndiye kuti palibe pokonza? — Wowerenga wa ku Zomba

Pokonza palipo ndithu. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti munthu amajambula chithunzi chimodzi ataimirira, ndiye anzake amangoona denga, nsalu ya patebulo ndi kapu ya tiyi pambali. Alibe poyambira.

Pezani pepala loyera lalikulu, ngakhale kumbuyo kwa kalendala yakale. Mbali imodzi itsamire kukhoma, ina igone patebulo, ndipo pakati lipindike lokha osalithyola. Ikani nyumbayo pamenepo, pafupi ndi zenera, pa nthawi imene dzuwa silikuwomba mwachindunji. Fulashi ya foni muizimitse. Tinjerwa timeneti ndi ta pulasitiki ya ABS, imene LEGO inayamba kugwiritsa ntchito mu 1963, ndipo imanyezimira, choncho fulashi imasiya kadontho koyera pa kamutu kalikonse, kaja kotumphuka pamwamba pa kanjerwa kamene kamagwira kanzake. Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa kopakira zodzoladzola, chifukwa pa tinjerwa takuda kamera imaona fumbi limene maso anu saliona. Kenako tsitsani foni ifike masentimita 4 kapena 5 kuchokera patebulo, womwe ndi msinkhu wa kamunthu ka LEGO kotchedwa minifigure. Kuchokera pamenepo nyumba imaoneka ngati nyumba.

Zithunzi zinayi n'zokwanira: chakutsogolo chojambulira pakona kuti makoma awiri aoneke, chakumbuyo, cham'kati denga litachotsedwa, ndi chapafupi kwambiri cha malo amene akukukayikitsani. Chachinayichi anthu ambiri amachibisa, pomwe ndicho chimabweretsa mayankho.

Polemba, tchulani kukula kwa maziko, mwachitsanzo timitu 16 m'lifupi ndi 32 m'litali, nenani kuti ndi MOC, kutanthauza kuti mwaiganiza nokha, kenako funsani funso limodzi lolunjika. "Mukuiona bwanji?" si funso. Funso ndi ili: "Denga likumira pakati, ndalumikiza ma plate (tinjerwa topyapyala) awiri a timitu 2x8 pa mzere umodzi wa timitu, ndichite chiyani?" Amene akudziwa ayankha tsiku lomwelo. Koma dziwani kuti walira mvula walira matope: mukatsegula khomo limeneli, ena akuuzaninso za mawindo amene simunafunse.

Wina anati khoma langa "lili ndi mzere" ndipo ligwa. Amatanthauzanji? — Wowerenga wa ku Mzuzu

Mwasanjikiza tinjerwa tofanana kena pamwamba pa kanzake, ndiye mipata yonse yalunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mmisiri wa nyumba zenizeni salola zimenezi, ndipo chifukwa chake ndi chomwecho: khomalo lasanduka mizati yoimirira payokhapayokha. Kanjerwa kapamwamba kakhale pa mpata wa tiwiri tapansi. Pakona lukani makoma: mzere woyamba khoma lakutsogolo ndilo lifike pangodya, wachiwiri lam'mbali. Ngati tinjerwa tatalitali takuperewerani, yalani mzere wa ma plate aatali pakatha mizere inayi kapena isanu, umange zonse ngati lamba.

Ngati mukufuna kuti nsanjika yapamwamba izichotsedwa, pamwamba pa khoma yalani matailosi osalala, omwe ndi ma plate opanda timitu, musiye timitu towerengeka chabe m'makona. Imakhazikika osagwedera, koma imazuka popanda kugumula khoma.

Mkulu wina m'gulu lathu amamanga zinthu zokhala ndi zolakwika zoonekeratu. Ndi wamkulu kwa ine ndipo ndimaopa kumukhumudwitsa. Ndinene bwanji? — Wowerenga wa ku Lilongwe

Ndemanga imene imapweteka ndi yosatchula malo. "Sizikuoneka bwino" amaimva ngati ikunena za munthuyo. "Zenera lakumanzere latsika ndi plate imodzi poyerekeza ndi lakumanja" ikunena za zenera, ndipo ngakhale wamkulu bwanji amangoyang'ana n'kuvomera kapena kukufotokozerani chifukwa chake.

Yambani ndi kufunsa musanaweruze. "Bambo, ndaona mwasakaniza imvi za mitundu iwiri pa khomali. Kodi munafuna lioneke lakale?" Funso limeneli si ulemu wokha. LEGO inasintha imvi zake cha m'ma 2004, kuchoka pa yakale yopita kuchikasu kupita pa yatsopano yopita kubuluu, ndipo omanga ena amazisakaniza dala pa makoma a miyala kuti aoneke ogugika. Ena amazisakaniza chifukwa usiku pansi pa babu sanazisiyanitse. Simungadziwe kuti ndi ziti mpaka mutafunsa. Akati anachita dala, mukhoza kunenabe maganizo anu, koma tsopano mukukambirana za kakonzedwe, osati za cholakwa.

Chachiwiri, musatchule vuto limene simungathe kunena gwero lake kapena njira yolithetsera. Nachi chitsanzo. Munthu wamanga mawindo ndi tinjerwa togoneka cham'mbali, njira imene imatchedwa SNOT, ndipo m'mphepete mwatsala kampata. Wosadziwa amangoti pali mpata. Wodziwa amawerenga: kuchokera pa kamutu kamodzi kufika pa kanzake ndi mamilimita 8, plate imodzi ndi yochindikala mamilimita 3.2, kanjerwa kathunthu ndi 9.6, ndiye kuti ma plate atatu. Choncho ma plate asanu ogoneka amadzaza ndendende malo a timitu tiwiri, mamilimita 16. Ngati mkuluyo anaika kanjerwa kamodzi ndi plate imodzi, ndiye kuti ali ndi anayi, yatsala imodzi. Mukamuuza kuti "onjezerani tailosi imodzi kumapeto, mpatawo utsekeka," mwamupatsa chinthu choti ayese madzulo omwewo.

Musapitirire zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, ndipo muyambe ndi chimene chingagwetse chomangacho, za mitundu zibwere pambuyo. Kuyamikira nakonso kukhale kotchula malo. Ngati anapanga nyali ya mumsewu ndi kachidutswa komwe kanapangidwira zina, nenani kuti mwakaona. Omanga amasangalala kwambiri wina akazindikira kachenjedwe kotere kusiyana ndi kumva "zabwino" kakhumi.

Pali ndemanga imodzi yosathandiza konse, ngakhale imamveka yanzeru: "mukanagwiritsa ntchito chidutswa chakutichakuti," pomwe chidutswacho chimapezeka m'seti imodzi yodula imene mwiniwake alibe. Funsani kaye zimene ali nazo m'bokosi mwake. Ndipo ngati mwana ndiye wamanga, mufunseni akufotokozereni chimene chikuchitika m'nyumbamo. Za ma plate asanu zidikire.

Anandiuza kuti njira imene ndalumikizira ndi "illegal." Kodi pali lamulo limene ndaphwanya? — Wowerenga wa ku Chipata

Palibe wapolisi amene akubwera. Mawuwa amanena za kalumikizidwe kamene okonza maseti a LEGO saloledwa kuika m'seti yogulitsa, chifukwa kamapanikiza pulasitiki. Mawuwa anafala Jamie Berard, mmodzi wa okonza masetiwo, atawafotokozera okonda tinjerwa mu 2006. Zitsanzo zake ndi monga kukanikiza plate choimirira pakati pa timitu tiwiri, kusiya pini ya Technic (mtundu wa LEGO wa mapini, magiya ndi mamota) italowa theka osafika polira "ke", ndi kupinda khoma la tinjerwa ta 1x2 mokakamiza kuti lizungulire. China chobisika: bowo la kanjerwa ka Technic lili m'mwamba pang'ono poyerekeza ndi kamutu ka m'mbali ka tinjerwa ta SNOT. Kusiyanako n'kochepa moti maso sakuona, koma mukazimanga pamodzi n'kuzitsekera pamwamba, china chimakhala chikukankha chinzake.

Pa MOC yanu mungachite zimene mukufuna. Mtengo wake ndi wakuti chidutswa chokhala chopanikizika kwa miyezi chimafooka kagwiridwe kapena kung'ambika. Pa chinthu choti mujambule n'kuphwasula mawa, palibe nkhawa. Koma ngati mukupatsa anzanu malangizo oti amange chomwecho, alembereni malo amenewo kuti asankhe okha. Samalani kwambiri ndi zidutswa zakale zofiirira ngati dothi ndi zofiira zakuda, chifukwa zina mwa izo zimadziwika kuti zimathyoka msanga.

Galimoto yanga ya Technic imalira "kete-kete" ikangokumana ndi kachitunda. Anzanga akuti sangandithandize ndi chithunzi chokha. — Wowerenga wa ku Johannesburg

Akunena zoona. Chinthu choyenda chimafunika kavidiyo ka masekondi 15, thupi litachotsedwa, kamera italunjika pa magiya pa nthawi imene phokoso likumveka. Lembaninso mano a giya iliyonse, kuyambira ku mota mpaka ku mateyala.

Phokoso limenelo ndi mano akudumphana. Yambani ndi kuwerenga mtunda: phatikizani mano a magiya awiriwo, mugawe ndi 16, yankho ndi chiwerengero cha timitu pakati pa ma axle awo, timitengo timene magiyawo amalowetsedwapo. Giya ya mano 8 ndi ya 24 zimafuna timitu 2, ya 8 ndi ya 40 zimafuna 3. Ngati mtunda uli bwino, ndiye kuti axle yagwiridwa mbali imodzi yokha, ndipo katundu akalemera imapindika, magiya n'kutalikirana. Igwireni mbali zonse ziwiri, pafupi ndi giya momwe mungathere.

Ngati mwamanga ndi tinjerwa ta Technic ta timitu, timazukana pa malo omwewo. Sanjikani motere: kanjerwa, ma plate awiri, kanjerwa. Mabowo awo amatalikirana mamilimita 16, ndiye mukhoza kuwamanga ndi kamtanda koimirira ndi mapini awiri akuda. Akudawo amagwira zolimba, pomwe otuwa amazungulira momasuka, ndiye musawasinthanitse. Zonsezi zikatheka koma mota n'kumafookabe pachitunda, ikani giya ya mano 8 iyendetse ya 24. Liwiro litsika katatu, mphamvu ikwera pafupifupi katatu.

Tinjerwa tanga tambiri ndi togula pa kaunjika ndipo ndi tosakanikirana ndi ta makampani ena. Kodi ndiyenera kuwauza anzanga? — Mayi wa ku Blantyre

Auzeni, Mayi, m'chiganizo chimodzi chabe. Si nkhani ya manyazi. Magulu ena, makamaka pa zionetsero ndi mipikisano, amalola ta LEGO tokha, ndipo ena alibe nazo kanthu. Chachikulu n'chakuti wokupatsani ndemanga adziwe, chifukwa khoma lopindika mwina si dzanja lanu, koma tinjerwa tosiyana kagwiridwe. Kusiyanitsa n'kosavuta: ta LEGO tili ndi dzinalo pa timitu take. Ikani tolimba kagwiridwe m'maziko ndi m'makona, tofooka tikhale tokongoletsera pomwe palibe cholemera.

Musanamange, titsukeni ndi manja m'madzi osapitirira madigiri 40 ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, kenako tiyanikeni pa thaulo pamthunzi. Madzi otentha amatipinda, ndipo dzuwa limasandutsa toyera kukhala tachikasu.

Ndinatengera kamangidwe ka mtengo kwa womanga wina wa kunja. Kodi ndi kuba? — Wowerenga wa ku Leeds

Njira yomangira ilibe mwini, aliyense anaphunzira kwa wina. Tchulani amene munaonera, nkhani yatha. Kuba ndi kumanga chinthu chonse cha mnzanu n'kuchitcha MOC yanu, kapena kugawa malangizo amene iye amagulitsa pa webusaiti ya Rebrickable. Ngati cholinga chanu ndi webusaiti ya LEGO Ideas, kumene chomanga chimafunika anthu 10,000 ochivomera kuti kampani ya LEGO iganizire zochisandutsa seti yogulitsa, ntchito yonse iyenera kukhala yanu.

Tilipo asanu ndi mmodzi ndipo tikufuna kumanga tauni imodzi, aliyense gawo lake kunyumba kwake. Tingatani kuti zidzalumikizane? — Wowerenga wa ku Harare

Gwirizanani manambala musanagwire kanjerwa ngakhale kamodzi, ndipo alembedwe papepala limene aliyense akhale nalo. Maziko akhale ofanana, a timitu 32 mbali zonse, omwe ndi masentimita 25.6. Kutanthauza kuti asanu ndi limodzi pa mzere umodzi afuna tebulo lopitirira pang'ono mita imodzi ndi theka. Yezani tebulolo tsopano, osati tsiku la chionetsero.

Kenako gwirizanani zinthu zitatu za m'mphepete: kutalika kwa nthaka kuwerenga ndi ma plate, m'lifupi mwa msewu, ndi kamutu kamene msewu ukuyambira kuwerenga kuchokera kukona yakutsogolo. Apa ndi pomwe magulu ambiri amagwa. Wina amawerenga kamutu ka pakona ngati koyamba, wina amakadumpha, ndipo tsiku lokumana msewu umapezeka wakhota ndi mamilimita 8. Jambulani m'mphepetemo pa Studio, pulogalamu yaulere ya BrickLink yomangira LEGO pa kompyuta, ndipo mutumizirane chithunzi chimodzi chomwecho. Pa malo ogwirizana ikani tinjerwa ta Technic ta mabowo kuti magawo adzagwirane ndi mapini. Chilichonse chisatulukire kunja kwa maziko, ngakhale khonde kapena nthambi, pokhapokha woyandikana naye atavomera. Mtundu wa msewu muutchule ndi dzina lake lenileni, chifukwa "imvi" yokha ikubweretserani misewu itatu yosiyana.

Onetsanani zithunzi ntchito ili pakati, makoma atangofika mizere itatu kapena inayi. Pamenepo munthu akauzidwa kuti chitseko chake n'chachitali kawiri kuposa cha mnzake, kukonza ndi mphindi khumi.

Ponyamula, zulani nsanjika ndi mitengo, chilichonse m'kathumba kake. Maziko a 32x32 ndi opyapyala ndipo amapindika mukawanyamula m'mbali, zomwe zimazula tinjerwa ta pakati, ndiye lowetsani kathabwa kapena katoni yolimba pansi pake musanawakweze. Tengani kachida kozulira tinjerwa, mapini akuda khumi apadera, ndi chithunzi cha gawo lililonse pa foni choti muonere pobwezeretsa zimene zagwa m'njira.